Eriyo yoloza mbali imodzi ya mafunde oimirira

Eriyo yoloza mbali imodzi ndi eriyo imene imalandira kapena kutumiza mafunde a wailesi mwamphamvu kumbali imene yayang'ana, ndipo kumbali zina imamva pang'ono. Eriyo yotere ikamangidwa kuti ndodo zake ziloze kumwamba ndi pansi, imagwira mafunde oimirira. Ikamangidwa ndodo zake zitagona chopingasa, imagwira mafunde ogona. Pa makatoni a maeriyo ogula m'sitolo, kaimidwe aka kamalembedwa ndi mawu akuti polarization, ndipo chilembo V chimaimira mafunde oimirira pamene H chimaimira ogona.

Anthu amafuna eriyo yotere akamamvera wailesi ya FM imene nsanja yake ili kutali, akamagwiritsa ntchito mawailesi olankhulirana, komanso akamakoka netiweki ya foni kapena intaneti kuchokera ku nsanja imene yabisika. M'madera a m'munsi mwa mapiri, monga ku Chinamwali mumzinda wa Zomba, kusankha eriyo molakwika kumaonongetsa ndalama, chifukwa eriyo yaikulu ndi yodula imene yaikidwa mosagwirizana ndi mafunde imatha kugonja kwa kandodo ka wailesi ya m'nyumba.

Kaimidwe ka mafunde

Funde la wailesi lili ndi mbali ziwiri zoyendera limodzi, ya magetsi ndi ya maginito. Kaimidwe ka funde kamatengera mbali ya magetsi. Ndodo yotumizira mafunde ikaimirira, mphamvu ya magetsi imagwedezeka chokwera ndi chotsika, ndipo fundelo limatchedwa loimirira. Ndodoyo ikagona, mphamvuyo imagwedezeka kumanja ndi kumanzere. Katswiri wa sayansi wa ku Germany, Heinrich Hertz, anaonetsa zimenezi mu 1888 ku Karlsruhe. Iye anaika mawaya ondondozana pakati pa chotumizira ndi cholandirira, ndipo anapeza kuti mafunde ankadutsa kapena kutchingidwa malinga ndi mmene mawayawo anawatembenuzira.

Eriyo yolandira imatenga mphamvu yonse pokhapokha itaima mofanana ndi eriyo yotumiza. Ikapendekeka ndi madigiri 30, imatenga magawo 75 pa 100 alionse. Ikapendekeka ndi madigiri 45 imatenga theka, ndipo pa madigiri 60 imangotenga magawo 25 pa 100. Ikapingasa kotheratu, pa madigiri 90, masamu amati siyenera kumva chilichonse. Zoona zake n'zakuti imamvabe pang'ono chifukwa mafunde ena amafika atagunda nyumba ndi mapiri n'kupotoka, koma mphamvu imene imatsala kawirikawiri imakhala pafupifupi gawo limodzi pa 100.

Anthu amene amaika madishi a kanema amaidziwa kale nkhaniyi. Kachipangizo ka LNB kamene kamakhala kutsogolo kwa dishi kamayenera kupotozedwa pang'ono mpaka kagwirizane ndi mafunde ochokera ku setilaiti, ndipo dikoda imasankha mafunde oimirira potumiza mavoti 13 kapena ogona potumiza mavoti 18 m'waya womwewo.

Mawailesi amene amagwiritsa ntchito mafunde oimirira

Mawailesi olankhulirana a apolisi, alonda, ogwira ntchito m'nkhalango ndi a m'magalimoto onyamula odwala amagwiritsa ntchito mafunde oimirira. Chifukwa chake n'chakuti kandodo koimirira kamamva mofanana kuchokera mbali zonse, choncho galimoto ikakhota kapena munthu akatembenuka kulankhulana sikuduka. Nsanja za mawailesi a AM nazo zimatumiza mafunde oimirira, popeza pa mafunde aatali otere ndi oimirira okha amene amayenda bwino motsatira nthaka.

Pa FM zinthu n'zosakanikirana. Nyumba zina zoulutsira mawu zimatumiza mafunde oimirira, zina ogona, ndipo zina zimaphatikiza onse awiri kapena kutumiza mafunde ozungulira. Masiku ano kaimidwe koimirira ndi kosakaniza n'kofala chifukwa omvera ambiri amamvera m'galimoto, m'minibasi kapena pa foni, pamene waya wa mahedifoni wolendewera pansi ndi umene umagwira ntchito ya eriyo. Eriyo yoimirira kapena yogona ikamalandira mafunde ozungulira imataya theka la mphamvu basi, choncho pa wailesi yotere munthu akhoza kusankha kaimidwe kamene kakuchepetsa phokoso.

Nsanja zambiri za mafoni zimatumiza mafunde opendekeka mbali ziwiri, madigiri 45 kumanja ndi madigiri 45 kumanzere. Eriyo imodzi yoimirira imagwira theka la mphamvu ya funde lililonse mwa awiriwa. N'chifukwa chake marauta a 4G amakhala ndi malo awiri olumikizira eriyo, ndipo amathamanga kwambiri akalumikizidwa ku maeriyo awiri opingasana kusiyana ndi imodzi.

Njira yosavuta yodziwira kaimidwe ka mafunde a wailesi ya FM ndiyo kutuluka panja ndi wailesi yokhala ndi kandodo kotalikitsa, kutchera wailesi imene ikufunidwayo, ndi kutembenuza kandodoko pang'onopang'ono kuchoka poimirira mpaka pogona. Pamene mawu akumveka bwino popanda kusokosera ndi pamene pali kaimidwe ka mafunde ofika pamalopo. Kuyesaku kumathandiza kwambiri pa wailesi yomveka mofooka, chifukwa yamphamvu imamveka mulimonse.

Kukula kwa eriyo

Eriyo iliyonse imadulidwa molingana ndi kutalika kwa funde limene ikufuna kugwira. Kutalika kwa funde m'mamita kumapezeka pogawa 300 ndi nambala ya frequency m'ma MHz, imene ndi nambala yomwe imaoneka pa wailesi potchera. Mawailesi a FM amakhala pakati pa 87.5 ndi 108 MHz, ndipo funde la 100 MHz ndi lotalika mamita 3. Mafunde a kanema wa dijito wa pamtunda, amene ku Malawi amafika kudzera m'madikoda a Kiliye Kiliye, ndi aafupi kwambiri: pa 600 MHz funde ndi la masentimita 50. Pa 900 MHz, imene ndi imodzi mwa ma frequency a mafoni, funde ndi la masentimita pafupifupi 33, ndipo pa Wi-Fi ya 2.4 GHz ndi la masentimita 12.5.

Ndodo yaikulu ya eriyo imakhala yocheperapo pang'ono pa theka la funde. Kutalika kwake m'mamita kumapezeka pogawa 143 ndi frequency. Pa 100 MHz ndodoyo imakhala mamita 1.43, ndipo pa 145 MHz imakhala pafupifupi masentimita 99. Apa m'pamene pamaoneka chifukwa chimene eriyo ya kanema yogula kumsika sithandiza kwenikweni pa FM ngakhale itaimikidwa bwino: ndodo zake ndi zazifupi kwambiri poyerekeza ndi funde.

Mitundu ya maeriyo oloza mbali imodzi

Eriyo yodziwika kwambiri ndi Yagi, imene dzina lake lonse ndi Yagi-Uda. Anaipanga mu 1926 ndi Shintaro Uda ndi Hidetsugu Yagi pa yunivesite ya Tohoku ku Sendai, m'dziko la Japan. Imakhala ndi msana umodzi umene ndodo zingapo zimamangidwapo mondondozana. Ndodo imodzi yokha ndi imene imalumikizidwa ku waya. Kumbuyo kwake kumakhala ndodo yotalikirapo yobweza mafunde, ndipo kutsogolo kumakhala ndodo imodzi kapena zingapo zofupikirapo zolondolera mafunde. Eriyo imaloza kumbali kumene kuli ndodo zazifupi. Yagi ya ndodo zitatu ya 100 MHz imakhala ndi ndodo yobweza ya mamita pafupifupi 1.50, ndodo yapakati ya mamita 1.43 ndi ndodo yolondolera ya mamita pafupifupi 1.36, ndipo pakati pa ndodo ziwiri zilizonse pamakhala mpata wa masentimita 45 mpaka 60. Ubwino wa Yagi ndi wakuti imakoka kwambiri poyerekeza ndi kukula kwake, ndipo munthu akhoza kuipanga ndi timapaipi ta aluminiyamu. Vuto lake ndi lakuti imagwira bwino pa ma frequency oyandikana okha. Yagi yodulidwira 100 MHz imafooka pa 88 kapena pa 107 MHz.

Eriyo ya log-periodic imafanana ndi Yagi m'maonekedwe, koma ndodo zake zonse zimalumikizidwa ku waya ndipo zimanka zifupika mwadongosolo kupita kutsogolo. Raymond DuHamel ndi Dwight Isbell a pa yunivesite ya Illinois ku United States anafotokoza kapangidwe ka maeriyo a mtundu umenewu mu 1957. Simakoka kwambiri ngati Yagi yofanana nayo kutalika, koma imagwira ma frequency ambiri nthawi imodzi. Maeriyo ambiri okokera netiweki ya foni, aja okutidwa ndi pulasitiki yoyera yosongoka kutsogolo, mkati mwake muli log-periodic, chifukwa foni imasinthasintha pakati pa 900, 1800 ndi 2100 MHz.

Eriyo ya Moxon inatchedwa ndi dzina la Les Moxon wa ku Britain. Ili ndi ndodo ziwiri zokha zimene nsonga zake zimapindidwa kuti ziyang'anizane, moti yonse imaoneka ngati felemu ya zenera. Ndi yaifupi kuposa Yagi, imamva malo aakulu kutsogolo, ndipo kumbuyo kwake imakhala ngati yogontha. Imathandiza pamene vuto si kufooka kwa wailesi imene ikufunidwa koma wailesi ina yamphamvu imene ikulowerera kuchokera kumbuyo.

Eriyo ya quad imapangidwa ndi mawaya opindidwa m'makona anayi. Clarence Moore anaipanga cha mu 1942 pa wailesi ya HCJB ku Quito, m'dziko la Ecuador. Pa eriyo imeneyi kaimidwe ka mafunde sikadziwika poyang'ana ndodo koma poona pamene waya walumikizidwa. Waya ukalumikizidwa pakati pa mbali ya m'munsi, eriyo imagwira mafunde ogona. Ukalumikizidwa pakati pa mbali ya kumanja kapena kumanzere, imagwira oimirira.

Pa Wi-Fi ndi pa intaneti yotumizidwa kuchokera nyumba ina kupita ina, anthu amagwiritsa ntchito maeriyo aphwatalala kapena timadishi tamawaya. Popeza ndodo zake sizioneka, kumbuyo kwake kumakhala muvi kapena chilembo V chosonyeza mbali yoyenera kuloza kumwamba. Maeriyo a mbali zonse ziwiri ayenera kuikidwa mofanana.

Mphamvu yokoka

Mphamvu yokoka ya eriyo imalembedwa ndi mawu akuti gain ndipo imayezedwa m'ma dB. Eriyo siwonjezera mphamvu yakeyake. Imangosonkhanitsa mphamvu imene ikanamwazikira mbali zonse n'kuilozetsa kumodzi, monga mmene galasi la tochi limachitira ndi kuwala kwa babu. Ma dB 3 amatanthauza kuwirikiza kawiri, ma dB 6 kanayi, ndipo ma dB 10 kakhumi. Ogulitsa amalemba dBi kapena dBd, ndipo ziwirizi n'zosiyana ndi 2.15: eriyo ya 5 dBd ndi yofanana ndi ya 7.15 dBi. Poyerekeza maeriyo awiri, munthu ayenera kuona kaye kuti onse alembedwa ndi muyeso umodzi.

Yagi ya ndodo zitatu imapereka pafupifupi 7 dBi. Kuti munthu awonjezere ma dB ena osapitirira 3, ayenera kuwirikiza kawiri kutalika kwa msana. Pamene kuika eriyo mopingasa ndi mafunde kumatayitsa ma dB 20 kapena kuposerapo. Choncho palibe kuchuluka kwa ndodo kumene kungabweze zimene zatayika chifukwa cha kaimidwe kolakwika, ndipo kaimidwe ndi koyenera kukonzedwa poyamba munthu asanaganize za gain.

Yagi ikaimirira imamvanso mosiyana ndi ikagona. Yogona imakhala yogontha kumanja ndi kumanzere, kumene kwaloza nsonga za ndodo zake. Yoimirira nsonga zake zimaloza kumwamba ndi pansi, choncho m'mbali imamvabe. Yagi ya ndodo zitatu yogona imamva bwino m'kati mwa madigiri pafupifupi 60 kutsogolo kwake, pamene yoimirira imafika madigiri pafupifupi 100. Izi zimathandiza munthu wofuna mawailesi awiri amene nsanja zawo zili chambali imodzi, ndipo eriyo siivuta kulozetsa. Koma wofuna kutchinga wailesi yolowerera kuchokera m'mbali amafunika ndodo zambiri. Vuto lina ndi lakuti phokoso la mainjini, zowotcherera zitsulo ndi mawaya a magetsi limamveka kwambiri pa eriyo yoimirira, choncho ndi bwino kuiika kutali ndi msewu ndi malo owotcherera.

Vuto la mlongoti ndi waya

Cholakwika chofala kwambiri ndi kutenga Yagi yopangidwira kugona, kuitembenuza kuti iimirire, n'kuimanga pakati pa msana wake pa paipi yachitsulo. Eriyo ikagona, paipi yoimirira imapingasana ndi ndodo zake ndipo siisokoneza kwenikweni. Ikaimirira, paipiyo imakhala yondondozana ndi ndodo zija ndipo imalowa pakati pake ngati ndodo ina yaitali imene wopanga sanaiwerengere. Zotsatira zake, gain imatsika, eriyo imayamba kumva kumbuyo, ndipo pa wailesi yotumiza mphamvu ina imabwerera m'waya n'kutenthetsa chipangizo.

Pali njira zitatu zopewera vutoli. Yoyamba ndi kusankha Yagi imene msana wake wapitirira kumbuyo kwa ndodo yobweza, kuti imangidwe pa mlongoti kumbuyoko. Maeriyo opangidwira mafunde oimirira amakhala ndi chomangira kumapeto kwa msana pa chifukwa chimenechi, ndipo ichi ndi chinthu choyamba kuyang'ana pogula. Njira yachiwiri ndi kugwiritsa ntchito nsungwi youma, mtengo wa bulugama wouma kapena paipi yolimba ya pulasitiki pa chigawo chapamwamba cha mlongoti, kuti chitsulo chithere m'munsi mwa nsonga za ndodo. Njira yachitatu ndi kumanga eriyo pa mkono wopingasa umene waitalikitsa ndi mlongoti, theka la funde kapena kuposerapo.

Waya nawo ndi chitsulo. Ukangolendewera kuchokera pa ndodo yapakati kutsika pansi, umabweretsa vuto lomwe lija la paipi, ngakhale mlongoti utakhala wansungwi. Uyenera kumangidwa motsatira msana mpaka kupitirira ndodo yobweza, kenako n'kutsika. Pamene waya ukulumikizana ndi ndodo yapakati pamafunika kachipangizo kotchedwa balun, kapena kukulunga wayayo mikombero ingapo yaing'ono, kuti chikopa chakunja cha waya chisasanduke mbali ya eriyo.

Denga lamalata nalo limabweza mafunde. Nsonga ya m'munsi ya Yagi yoimirira ya FM imatsika masentimita 75 kuchokera pa msana, choncho msanawo uyenera kukwera mamita 2 kapena kuposa pamwamba pa malata.

Waya woyenera ndi wa coaxial. Mawailesi a FM ndi makanema amagwiritsa ntchito wa ma ohm 75, monga RG-6 umene umaikidwa pa madishi. Mawailesi olankhulirana ndi marauta amafuna wa ma ohm 50, monga RG-58 kapena RG-213. Waya uliwonse umadya mphamvu, ndipo umadya kwambiri frequency ikakwera. Pa 100 MHz, RG-58 wa mamita 20 amataya pafupifupi ma dB 3, limene ndi theka la mphamvu yonse, pamene RG-213 amataya osafika theka la zimenezo. Pa ma frequency a mafoni ndi a Wi-Fi, waya wautali wopyapyala ukhoza kudya gain yonse ya eriyo. Pamenepo n'kwabwino kuika rauta pafupi ndi eriyo n'kutalikitsa waya wa netiweki m'malo mwake.

Malo a Chinamwali

Chinamwali ili makilomita ochepa kuchokera pakati pa mzinda wa Zomba, m'mbali mwa msewu wa M3 wopita ku Liwonde. Chakumadzulo kwake kuli phiri la Zomba, limene nsonga yake yaitali, Malumbe, ndi yokwera mamita 2,087. Chakumpoto kuli phiri la Malosa, ndipo kum'mawa nthaka imatsetsereka kulowera kuchigwa cha nyanja ya Chilwa. Nyumba zambiri zili m'zitunda ndi m'mbali mwa timapiri tamiyala, moti nyumba ziwiri zoyandikana zikhoza kumva wailesi imodzi mosiyana.

Mafunde a FM, a kanema ndi a mafoni amayenda mowongoka ndipo phiri limawatchinga. Pamalo opanda chotchinga, mtunda umene eriyo imafikira m'makilomita umadalira kukwera kwake. Eriyo ya pa mlongoti wa mamita 9 imaona mpaka makilomita pafupifupi 12, pamene nsanja imene ili mamita 1,000 pamwamba pa chigwa imafika makilomita pafupifupi 130. Ichi ndi chifukwa chake nsanja zimamangidwa pamwamba pa mapiri. Koma nyumba ya m'tsinde mwenimweni mwa phiri ikhoza kukhala mumthunzi wa nsanja imene ili pamwamba pa phiri lomwelo, pamene mudzi wakutali kuchigwa ukumva bwino.

Eriyo imalozetsedwa kumene kuli nsanja, osati kumene kuli nyumba youlutsira mawu. MBC, imene inayamba mu 1964, ili ndi likulu lake ku Chichiri mumzinda wa Blantyre, ndipo Zodiak Broadcasting Station, imene inayamba kuulutsa mawu mu 2005, ili ku Lilongwe. Mawailesi ofika dziko lonse ngati amenewa amagwiritsa ntchito nsanja zambiri m'zigawo zosiyanasiyana, iliyonse ndi frequency yake. Ku Zomba kulinso mawailesi akomweko monga wailesi ya pa University of Malawi ku Chirunga ndi YONECO FM. Womvera wa ku Chinamwali amene akufuna mawailesi angapo nthawi zambiri amapeza kuti mafunde ake akuchokera mbali zosiyana. Zikatero, Yagi yaitali ya ndodo zambiri imamuthandiza pa wailesi imodzi n'kumutayitsa ena, ndipo Yagi ya ndodo ziwiri kapena zitatu, Moxon, kapenanso ndodo imodzi yoimirira yomva mbali zonse imamuyenera bwino.

Matanthwe a phiri amabweza mafunde ngati mmene khoma limabwezera mawu. Funde lobwezedwa limafika mochedwerapo kuposa lowongoka, ndipo awiriwa akakumana mawu amang'ambika ngakhale wailesi ikuoneka kuti ikukoka mwamphamvu. Apa eriyo yoloza mbali imodzi imathandiza osati chifukwa cha gain koma chifukwa imasankha funde limodzi n'kusiya linalo. Nthawi zina, nsanja ikabisika kotheratu, funde labwino limakhala lobwezedwalo, ndipo eriyo imamva bwino italoza kuphiri m'malo moloza kunsanja. Funde lotere limatha kufika litapendekeka, choncho m'pofunika kuyesa kupendeketsa eriyo pang'ono isanamangidwe kolimba.

Pa intaneti yolumikiza nyumba ziwiri, kuonana kokha sikukwanira. Mafunde amafuna mpata kuzungulira mzere wowongoka wa pakati pa maeriyo awiriwo. Pa mtunda wa makilomita 5 ndi Wi-Fi ya 2.4 GHz, mpatawo pakatikati pa njira umafika mamita pafupifupi 12 mbali iliyonse ya mzerewo, ndipo magawo osachepera 60 pa 100 a mpatawo ayenera kukhala opanda mtengo, denga kapena chitunda. Mitengo ya mango ndi ya bulugama imadya mafundewa kwambiri masamba ake akanyowa, moti kulumikizana kumene kunali bwino mu Seputembala kukhoza kuyamba kuduka mu Januwale.

Mphenzi, mphepo ndi magetsi

Nyengo ya mvula ku Zomba, kuyambira cha mu Novembala mpaka mu Epulo, imabwera ndi ziphaliwali. Mlongoti wachitsulo uyenera kulumikizidwa ndi waya wokhuthala wa mkuwa ku ndodo yokhomeredwa m'nthaka, ndipo wayayo utsike mowongoka kunja kwa nyumba. Mlongoti wansungwi suteteza ku mphenzi, chifukwa waya wa eriyo umalowabe m'nyumba. Njira yodalirika pa nyumba wamba ndi kuzula waya wa eriyo pa wailesi mitambo ikangoyamba kugunda, osadikira kuti mphenzi zifike pafupi.

Yagi yoimirira yomangidwa kumapeto kwa msana imalemera mbali imodzi ndipo mphepo imaipotoza mosavuta. Namondwe Ana mu Januwale 2022 ndi namondwe Freddy mu Malichi 2023 anaonetsa kukula kwa mphepo ndi mvula zimene zimatha kufika m'chigawo cha kumwera. Mlongoti wautali umafunika zingwe zitatu zoukoka mbali zosiyana. Zingwe za pafupi ndi eriyo zikhale za nayiloni osati zachitsulo. Madzi nawo amatsata ndodo zoimirira n'kulowa polumikizira waya. Malo amenewa ayenera kukulungidwa ndi tepi yosalowa madzi, ndipo waya upindidwe chotsika usanalowe pakhoma kuti madzi adonthere panja. Timapaipi ta ndodo titsekedwe kumwamba koma tisiyidwe ndi kabowo kumunsi.

Ngozi yaikulu pa tsiku loimika mlongoti ndi mawaya a ESCOM. M'madera a nyumba zothithikana mawayawa amadutsa pafupi ndi madenga. Mlongoti uikidwe pamalo poti ngakhale utagwa mbali iliyonse sungawafikire.

Malamulo

Bungwe loyang'anira mafunde a wailesi ku Malawi ndi MACRA, limene linakhazikitsidwa potsatira lamulo la za mauthenga la 1998, ndipo lamuloli linalowedwa m'malo ndi lina mu 2016. Kutumiza mafunde, kaya pa wailesi ya m'dera, pa mawailesi olankhulirana a kampani kapena pa wailesi za anthu ochita izi mongokonda, kumafuna chilolezo. Anthu a gulu lomalizali ku Malawi amapatsidwa zizindikiro zoitanirana zoyamba ndi 7Q, ndipo amodzi mwa ma frequency amene amalankhulirana ndi a pakati pa 144 ndi 146 MHz, pamene mawailesi a m'manja amagwiritsa ntchito mafunde oimirira.

Eriyo yoloza mbali imodzi imachulukitsa mphamvu yopita kutsogolo. Wailesi ya mawati 5 ikalumikizidwa ku Yagi ya 7 dBi, kutsogolo kwake kumakhala ngati kukutumizidwa mawati 25. Mwini chilolezo ayenera kuwerengera zimenezi kuti asapitirire malire amene anapatsidwa ndi kusokoneza ena.

Ndondomeko ya kusankha

Wosankha eriyo amayamba ndi kudziwa frequency imene akufuna, chifukwa ndi imene imalamula kukula kwa ndodo ndi mtundu wa waya. Kenako amayesa kaimidwe ka mafunde pamalo pomwe eriyo idzaikidwe. Chachitatu amafufuza mbali imene mafunde akuchokera, poyendayenda pabwalo ndi wailesi ya m'manja kapena foni ndi kuyesa pa misinkhu yosiyana, popeza kusuntha mlongoti mamita ochepa kukhoza kuposa kugula eriyo yaikulu. Akatero m'pamene amasankha mtundu: Yagi pa frequency imodzi yofooka, log-periodic pa ma frequency ambiri ochokera mbali imodzi, Moxon pofuna kutchinga chosokoneza cha kumbuyo, ndi maeriyo awiri opingasana pa rauta ya 4G. Pomaliza amaona ngati eriyoyo ingamangidwe chitsulo chisanalowe pakati pa ndodo zake. Ngati ilibe chomangira kumbuyo kwa ndodo yobweza, mtengo wa mkono wopingasa kapena wa paipi ya pulasitiki uyenera kuwerengeredwa pa ndalama zogulira.